Munthu Akagwada Pamaso Pako

Yamikani mwana wanga,

Magetsi athawa chim'mawa, ndiye mushopu muli zii, ana onse amwazika. Iwe wapita ku Chilinde kukatsanzika anzako. Ine ndakhala pa benchi ya magemu, kope lili pamwendo, kuti ndilembe zimene pakamwa panga pakhala pakukana kunena zaka zisanu zathunthu. Kalatayi ndiibisa pansi pa malaya m'chikwama chako, ndipo mawa pa depoti ndikunong'oneza kuti usaitsegule mpaka basi itadutsa Dedza. Pa chokhachi undimvere, ngakhale ndikudziwa kuti kumvera unakuiwala m'mimba mwanga.

Za mowa, za atsikana ndi za kuchapa makolala anakuuza kale amalume ako Lamulungu lija, mpaka tiyi anazizira m'makapu. Sindibwerezako. Ukafuna kumwa ukamwa ndithu, ndimakudziwa. Ine nkhani yanga ndi imodzi yokha. Ukupita ku sukulu ya upolisi, ndipo tsiku lina adzakupatsa mfuti yeniyeni, yolemera, yopanda chingwe chopita ku tivi.

Chandigwiritsa cholembera ndi mawu ako a dzana. Unali ndi mnzako Isa pa gemu ya asilikali ija. Mdani wina anataya mfuti n'kugwada, manja m'mwamba, ndipo iwe unamuwombera pamphumi osaphethira n'komwe. Kenaka unacheuka n'kundiuza ukuseka kuti, "Masteni, za ine musamadandaule. Wogwada ine sindimusiya, sukulu imeneyo munandiphunzitsa ndinu." Isa anaseka, nawe unaseka. Ine ndinanamizira kukaona ngati madzi abwera kumpopi, koma kuseri kuja ndinangokhala pa fumbi. Unanena zoona, Yami. Ndinakuphunzitsa ndine, ndipo ndinakuphunzitsa zoipa.

Gemu imeneyo ndimaidziwa kuposa mmene umaganizira. Munthu sungakhale pakhomo la shopu zaka zonsezi, kulandira ana, kuleretsa ndewu zolimbirana padi yoseweretsa gemu, osaona zimene zikuchitika pa galasipo. Ndikudziwa kuti ukawapanikiza adaniwo, ena amataya zida n'kugwada. Ukamusiya n'kudutsa, wina amangokhala chigwadire akunjenjemera, koma wina amatola mfuti n'kukuwombera kumsana. Nkhope zawo n'zofanana, kagwadidwe n'kamodzi. Poyamba iwe unkawasiya. Mwina waiwala, koma ine ndikukumbuka bwino. Unali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anzako ankakuseka kuti ndiwe abusa. Iwe unkawayankha kuti, "Wapepesa kale ameneyu, ndimupherenji?"

Ndiyambe ndi kulakwa kwanga koyamba, kapena kumene anthu a mu Kaliyeka muno anakutcha kulakwa. Chinali chaka cha njala ija, shopu ili yatsopano, bambo ako atangogula tivi ndi makina a gemu ntchito yawo itatha ku Kanengo. Masana ena mnyamata wina wamkulu, wa dzino lobenthuka, analowa ngati wofuna kuonerera, n'kuzula makina kuthawa nawo. Bambo ako analiza wezulo. Lamulo la komiti ya chitetezo ukulidziwa: nyumba iliyonse ili ndi wezulo wake, womva naye aliza wake n'kutuluka ndi chimene chili pafupi, ndipo wotsalira m'nyumba ndiye kuti ndi mnzawo wa akuba. Sanafike patali. Anamugwira pa mlatho wa matabwa uja, ndipo mmene ndimafika n'kuti wina atabwera kale ndi tayala, wina akuitanitsa palafini. Mnyamatayo anagwada m'matope, manja m'mwamba, akulira kuti, "Amayi, ndi njala, ndikhululukireni, sindidzayambiranso." Anayang'ana ine, sindidziwa chifukwa chake. Ndinalowa pakati pa anthu, ndinamasula chitenje cha pamwamba n'kumufunditsa, ndipo ndinati wofuna kumuotcha ayambe waotcha ine. Makina anali atapezeka osawonongeka. Anthu anang'ung'udza, wina anandilavulira, koma anamusiya. Madzulo ake bambo ako anati, "Nambewe, uli ndi chiwindi iwe," ndipo ndinadya chakudya changa monyada.

Patatha miyezi iwiri akuba anathyola shopu, bambo ako anatuluka kukaona, ndipo anawatema ndi chikwanje. Zimenezo ukuzidziwa, sindifuna kuzifukula. Anakhala masiku anayi kuchipatala. Chimene sudziwa ndi chakuti tsiku lachitatu ndinawafunsa kuti, "Kodi ndi uja wa dzino?" Iwo anati, "Sindinaone nkhope ya munthu, Nambewe." Ndinafunsanso, anandiyankha chimodzimodzi. Koma pamaliro panalibe wofuna kumva zimenezo. Azimayi ophika kuseri ankanena mokweza dala kuti chifundo chinapha nkhwali. Azakhali ako ochokera ku Dowa anandiloza chala pamaso pa anthu nati, "Mlongo wanga mwamupha ndinu ndi chitenje chanucho." Wapampando wa komiti anaima pamanda n'kulalikira za anthu oweta njoka. Ine ndinangowerama. Chinthu ukachimva kwa anthu ambiri, tsiku ndi tsiku, chimayamba kuoneka ngati choona. Ndinakhulupirira kuti ndinapha mwamuna wanga, ndipo mawu a mwini wake pa bedi la kuchipatala ndinawakwirira naye limodzi. Mpaka lero sindidziwa ngati anali mnyamata uja. Palibe amene adziwa.

Kulakwa kwachiwiri ndinakuchitira iwe. Maliro atatha amalume ako anandipezera tivi ina yakale, ndipo ndinatsegulanso shopu, poti mimba sidziwa kuti pakhomo pagwa zovuta. Tsiku lina ndinakupeza pa gemu ija, munthu atagwada pamaso pako, iwe ukufuna kumudutsa monga mwa masiku onse. Ndinakumenya khofi pankhongo anzako akuona, n'kukuwa kuti, "Muwombere! Bambo ako ali kuti? Wogwada ndiye woopsa, muwombere!" Unadina batani ukulira. Kuyambira tsiku limenelo sunasiyenso munthu, ndipo ine ndinkaima kumbuyo kwako ndikugwedeza mutu kuvomereza. Ana ena anatengera iwe, poti katswiri wa dera lino unali iwe. Mushopu mwanga munakhazikika lamulo loti wogwada sakhala moyo. Ndinkadziuza kuti ndikukukonzekeretsa dziko. Bodza. Ndinali kukutsanulira ndulu yanga, iwe mwana wosalakwa.

Tsopano khala bwino pa mpando wa basiwo, chifukwa kulakwa kwachitatu sukukudziwa, ndipo palibe wamoyo amene akukudziwa.

Panali patatha zaka ziwiri bambo ako atamwalira, nyengo yotentha, mvula isanagwe. Masana ena, ana ataweruka kusukulu, ndinaona bambo wina ataima tsidya la msewu, pafupi ndi pogulitsa makala. Anali wowonda, atavala chijekete chokhuthala dzuwa lonse lija, ndipo m'khwapa anapanira thumba la saka. Sanagule makala, sanalankhule ndi munthu. Maso ake anali pakhomo la shopu yanga basi. Mwana aliyense wolowa ankamutsatira ndi maso mpaka kulowa, wotuluka chimodzimodzi. Dzuwa litapendeka anachoka. Mawa lake anabweranso, malo omwewo, thumba lomwelo. Tsiku lachitatu anasendera mpaka pa mtengo wa magetsi, n'kumasuzumira mkati khosi litatalika. Ine ndinati ameneyu akuwerenga katundu, akuona kumene mawaya adutsa, ndipo m'thumbamo muli chikwanje.

Kuchoka pakhomo langa kufika pa mtengo wa magetsi uja ndi mapazi angati, Yami? Iwe umalumpha katatu n'kufika. Masiku atatu ndinalephera kuyenda kamtunda kameneko kukanena kuti, "Zikomo bambo, mukufuna ndani?" Ine Nambewe, wobadwira ku Dowa, amene mayi anga ankandikwapula ndikadutsa mlendo osapereka moni. Mantha anali atanditsekera pakamwa, ndipo kunena zoona si mantha okha. Pansi pa mtima ndinkafuna kuti akhale wakuba. Ndinkafuna mpata woonetsa anthu a mu Kaliyeka kuti mayi wa chitenje uja anaphunzira.

Cha m'ma 3 koloko anapisa dzanja m'thumba muja n'kuyamba kubwera chakukhomo. Ndinakoka chitseko, ndinakoleka loko panja, iwe ndi anzako muli mkati ndi phokoso lanu la mfuti. Ndinathamangira kuseri n'kuliza wezulo wa bambo ako ndi mpweya wanga wonse. Wa pa makala analiza wake, wa pa chigayo analiza wake, ndipo posakhalitsa dera lonse linali kulira. Bamboyo poyamba anangoima kudabwa, akucheukacheuka kufuna kuona wakubayo ngati wina aliyense. Ataona kuti zala zikuloza iye, anathawa. Ndani sangathawe? Anamupezera pa mlatho womwe uja.

Ndinafika pomwepo, Yami, usaganize kuti ndinamva kwa anthu. Anali atagwada, manja m'mwamba, magazi akutuluka m'mphuno. Ankalankhula Chichewa cha kunyanja, mawu akutuluka modukaduka: "Achimwene, ndikufuna mwana wanga. Mwana wanga ali m'menemo." Ananena kawiri, ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Wapampando wa komiti anandiyang'ana nati, "Make Yami, nanga lero? Chitenje chija mwabwera nacho?" Anthu anaseka. Chitenje ndinali nacho m'chiuno. Ndikanangoti imani kaye, timufunse dzina la mwanayo, akanaima, chifukwa shopu inali yanga. Ndinachigwira chitenjecho n'kuchimangitsa, ndinatembenuka, n'kumabwerera. Phokoso la kumbuyo kwanga sindikulembera. Apolisi atafika anamupeza akupumira m'mwamba, ndipo kuchipatala sanafike.

Anthu atabalalika ndinapitanso pa mlatho paja. Thumba lija wina anali atalikhuthula pofuna chikwanje. M'matope munali nsapato zazing'ono za buluu, zatsopano, zingwe zake zili chimangire, zokwana mwana wa Sitandade 1. Munalibe china chilichonse.

Zotsalazo ukuzidziwa, koma unazimva kuchokera mbali ina. Patapita masiku awiri amalume ake a Isa, atelala aja a pamsika, anakazindikira mtembo. Anali Che Amidu, bambo ake a Isa. Anapita ku Joni Isa ali ndi zaka zinayi, n'kukhala zaka khumi osatumiza ngakhale kalata. Mkazi wawo anamwalira iwo ali konko. Anabwera chimanjamanja, ndipo atafika kwa alamu awo, atelalawo anawathamangitsa pakhomo, kuti mwana amene munamutaya mukumufuna lero wa chiyani. Mnansi wina ndiye anawanong'oneza kuti mwanayo akaweruka amakhala kumagemu. Anaima masiku atatu tsidya la msewu chifukwa sankadziwa kuti mwa anyamata onse aja wawo ndi uti. Nsapato anagula za mwana amene ankamukumbukira. Isa n'kuti ali ndi zaka khumi ndi zinayi, phazi lake likufanana ndi lako. Pa nthawi imene ndinkakoleka loko uja, iye anali pa benchi ino pambali pako, padi ili m'manja.

Palibe anafunsa kuti woyamba kuliza anali ndani. Kuno safunsa zimenezo, umadziwa. Wezulo akalira ndi wa tonse, ndipo munthu akafa wafa ndi tonse, ndiye kuti sanaphedwe ndi aliyense. Komiti inakhala pansi, inati zachitika mwangozi, anthu anasonkha ufa ndi nkhuni kupita nazo kwa atelala. Inenso ndinapereka. Iwe unandifunsa chifukwa chimene ndinakutsekerani, ndipo ndinati ndinamva wezulo, ndinaopa kuti mungapondedwe. Unati, "Mwachita bwino amayi." Mawu amenewo ndakhala nawo zaka zisanu ngati munga wa nsomba pakhosi.

Ndikuuze chinthu chimene ungaseke. Sabata imeneyo, m'mawa wina inu muli kusukulu, ndinatseka chitseko n'kuyatsa gemu ija ndekha. Zala zanga zozolowera kukanda mandasi sizinkadziwa batani la kutsogolo ndi la kumbuyo, ndinkangogunda zipupa, ndinafa kambirimbiri. Koma ndinalimbikira mpaka ndinafika pamene munthu uja amagwada pafupi ndi migolo. Ndinamusiya, ndinadutsa. Sanandichite kanthu. Ndinabwerera kukamuona, ndinamupeza chigwadire. Ndinazimitsa n'kuyambiranso, ndinafika pomwepo, ndinamusiyanso. Ulendo uno anatola mfuti n'kundiwombera kumsana. Munthu yemweyo, malo omwewo. Ndinayesa kachitatu, kachinayi, mpaka ndinazindikira kuti makinawo amangochita mayere. Ngakhale iwo sadziwa kuti wogwadayo achita chiyani. Ndinakhala pa benchi ino ndikulira, chifukwa ndinaona kuti pa galasipo ukaphedwa umadzuka, ukapha umazimitsa n'kumupeza wamoyo, ndipo ukhoza kuyesa njira zonse ziwiri usanadye nkhomaliro. Ine ndinayesa njira zonse ziwiri pa mlatho umodzi, ndipo manda alipo awiri.

Ndinkayenera kukuitana tsiku lomwelo ndi kukuuza kuti lamulo lija lafafanizidwa. Sindinatero. Ndinaopa kuti undifunsa chifukwa chake. Kumenekonso ndi kulakwa, kaya n'kwachingati, ndasiya kuwerenga.

M'malo mwake ndinayamba kudyetsa Isa. Ukukumbuka mmene zinayambira, mbale yachitatu pamkeka, kenaka malaya ako akale, kenaka bulangete lake m'chipinda chako. Nkhumba ndinasiya kugula pakhomo pano, iwe n'kumadandaula. Mwezi wawo wosala ukafika ndinkamusungira phala ndi mbatata mpaka dzuwa litalowa. Azimayi a kutchalitchi ankandiyamikira pa msonkhano wa Lachinayi, kuti taonani mayi wamasiye akulera mwana wachisilamu ngati wake. Omwe aja ankati chifundo chinapha nkhwali. Ndinkawayang'ana n'kumalakalaka kuwalavulira, koma woyenera malovu woyamba ndinali ine. Si chifundo chimene chinkaika mbale ija pamkeka, Yami. Ndinkafuna kugula tulo. Ndipo mwanayo, mwa ubwino wake, anayamba kunditcha amayi. Akalowa amati, "Amayi, mwaswera?" ndipo tsiku lililonse liwu limenelo limandibaya pamalo pomwepo. Choipitsitsa n'chakuti m'kupita kwa zaka ndamukonda zenizeni, ndipo iye akukonda munthu amene samudziwa.

Tsopano mvera, iwe wapolisi wa mawa. Sindikunamiza kuti ukasiya munthu zinthu zimayenda bwino nthawi zonse. Ndikanama choncho manda a bambo ako anganditsutse. Mwina anali wa dzino uja, mwina sanali iye. Dziko lino lili ndi anthu ogwada ndi maondo okha, mtima uli chiimire, ndipo ena mwa iwo udzakumana nawo. Ndikukuopera, mwana wanga, ndipo kuyambira mawa phokoso lililonse la pachitseko ndizidzidzimuka nalo. Sindinakubereke kuti ukafe chifukwa chofuna kutamandidwa kuti ndiwe wabwino. Ukachenjere. Munthu wa chida m'manja ndi nkhani ina, imeneyo akakuphunzitsa okudziwa.

Koma munthu akagwada pamaso pako, manja ali m'mwamba, chotsa chala. Wamva? Chotsa chala. Gemu ija inakunamiza pa chinthu chimodzi, ndipo ine ndinaithandiza kunama. Imakupatsa njira ziwiri zokha, kumuwombera kapena kumufulatira. Opanga makinawo sanaike batani lofunsira dzina. Iwe pakamwa uli napo. Akakupatsanso unyolo, ndipo unyolo ntchito yake ndi yomweyo, kuti munthu amene sukumukhulupirira asakupweteke koma afike wamoyo kwa omufunsa. Usamufulatire ngati mmene ndinachitira ndi woyamba uja, amene ndinamumasula osadziwa ngakhale kwawo. Usamumalize ngati wachiwiri. Mumange, museche, yang'ana m'thumba mwake ndi maso ako, ndipo umufunse kuti ndi ndani, akufuna chiyani. Akanama, bodza lake likaoneka mawa. Wakufa sungamufunse mawa.

Ndipo uope kuseka kwa anzako kuposa mfuti ya mdani. Ichi ndikuchidziwa bwino kuposa abusa ndi aphunzitsi ako onse. Ine sindinaphe Che Amidu chifukwa choopa chikwanje, pa mlatho paja manja awo anali m'mwamba, opanda kanthu. Ndinawasiya afe chifukwa wapampando wa mimba yaikulu uja anandiseka pagulu. Kumene ukupitako udzapeza otere, akuluakulu okhala kale pa ntchito, amene adzakuuze kuti, "Mwana iwe, awa sitichedwa nawo." Adzakutcha abusa ngati mmene ankachitira anzako aja. Uwalole akutche. Dzina lachipongwe limatha, ine ndaona, koma nsapato za buluu zija sizinachoke m'maso mwanga ngakhale tsiku limodzi.

Ukadzamva gulu likukuwa kuti wakuba, usadzafunse kuti ali kuti. Udzafunse kuti waona ndani, waba chiyani, mwini katundu ndi uti. Udzaona mmene anthu amayang'anirana, aliyense kudikira mnzake. Nthawi zambiri kumbuyo kwa phokoso lonselo kumakhala munthu mmodzi wamantha amene waliza wezulo ali kuseri kwa nyumba. Ukadzamupeza usadzamumenye. Udzangomufunsa chimene waona, pamaso pa onse, ndipo udzayembekeze yankho.

Chotsa chala, Yami. Ndikubwereza chifukwa khofi lija ndinakumenya kamodzi koma lagwira ntchito zaka zisanu ndi ziwiri, ndiye sindidziwa kuti mawu a pa pepala afunika kangati kuti alichotse. Mwana uja amene ankati wapepesa kale ameneyu anali ndi nzeru kuposa mayi ake. Ndinamuthamangitsa ndine. Ngati akadali penapake mkati mwako, mutenge upite naye ku ntchitoko.

Mwina ukufunsa kuti bwanji ndakuuza lero, pa pepala, iwe uli pa basi yoti sungatsike. Ndi mantha, mwana wanga, sindibisa. Sindikanatha kuona nkhope yako ikusintha. Ukafuna kundida, undide, uli ndi chifukwa. Ukafuna osandilembera, ndimva. Koma sindikanalola kuti ukagwire mfuti ndi phunziro langa lija m'mutu, ukuganiza kuti linachokera kwa mayi wanzeru. Linachokera kwa mayi wopwetekedwa amene anapweteka ena.

Chatsala ndi chimodzi. Mawa Isa ndiye anyamule chikwama chako mpaka pa depoti, wanena kale kuti sapita ku ntchito. Basi yako ikanyamuka, ine ndi iye tikwera minibasi imodzi kubwerera ku Kaliyeka. Ndimupempha kuti titsikire pamsika tiyende pansi, tidzere pa mlatho wa matabwa. Wezulo uja ndamuchotsa pa msomali, ndamumanga pa mfundo ya chitenje. Mmene ukuwerenga mawu anowa ndiye kuti ndamuuza kale zonse, kuyambira pa mtengo wa magetsi mpaka pa nsapato, osachotsa kanthu. Mlandu suola, ndipo uwu ndi wake, ndakhala ndikumubisira m'mbale ya chakudya.

Sindidziwa chimene adzachite. Akhoza kupita kupolisi, akhoza kuuza amalume ake ndi dera lonse, akhoza kungotembenuka n'kumapita osadzapondanso pakhomo pano. Chilichonse chimene asankhe, iwe usabwerere kudzanditeteza, ndipo usadzamuyese mdani. Ndi m'bale wako, sanalakwe kanthu. Ngati adzakulembere, umuyankhe. Ngati adzakhale chete, umulembere ndiwe.

Dzana ndinamuona akuseka pamene unawombera wogwada uja, ndipo ndinakumbuka kuti nayenso anakulira pa benchi ino, pansi pa lamulo langa. Mawa pa mlatho paja wogwada ndikhala ine.

Uyende bwino, mwana wanga. Mankhwala a mutu ndaika m'thumba lam'mbali.

Ndine mayi ako,
Nambewe